Aphunzitsi Amene Ankatigwiritsa Khutu

A Mbewe tinawaika m'manda mwezi wa Ogasiti, fodya atagulitsidwa kale, m'zigafa mulibe kanthu. Mwina n'chifukwa chake pamaliropo sipanadzaze anthu. Ambiri amene akanawalira anali atakwera kale malole kubwerera kwawo ku Phalombe, ku Machinga ndi ku Dedza, ena atasamukira ku maesiteti ena. Panali eni mudzi, anthu a mpingo, aphunzitsi ochepa amene atsala pasukulu pathu, ndi ife amene tinabwera kuno kwa Chulu monga matenanti n'kukhazikika. Amene anayankhula m'malo mwa sukulu anati malemuwo anaphunzitsa Sitandade 1 kwa zaka zambiri ndipo sankachedwa ku ntchito. Atatero anakhala pansi. Ine ndinali kumbuyo, pakati pa amayi anzanga, khanda lili kumsana. Mumtima ndinkati pali zina zofunika kunenedwa, koma ine pagulu mawu satuluka. Ndiye ndazilemba.

Dzina lawo linali a Mbewe, koma ana ndi akulu omwe ankawatchula a Gwirakhutu, ndipo iwo sankakwiya nazo. Dzinali linachokera pa ntchito yawo yolemba ana oyamba sukulu. Sukulu ikamatsegulira mwezi wa Seputembala, ankatulutsa mpando wawo wa ndalema n'kuuika pansi pa mtengo wa muwanga umene uli kutsogolo kwa ofesi. Makolo ankafola ndi ana awo. Ana ambiri, makamaka ife a m'maesiteti, tinalibe chilichonse chosonyeza chaka chimene tinabadwa. Choncho a Mbewe ankauza mwana kuti adutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu lakumanzere. Akaligwira, ndiye kuti wakula, alembedwe. Zala zikalekezera panjira, abwerere kunyumba akakule kaye, adzayesenso chaka chamawa.

Amene anawadziwa kale amati pa nkhani imeneyi sankanyengerera munthu. Mwana wochenjera akapendeketsa mutu kuti khutu liyandikire, iwo ankamugwira pachibwano n'kumuwongola. Mayi akadandaula kuti mwanayo ndi wamkulu, kungoti ndi wamfupi, ankamuyankha kuti iwo saona msinkhu wa m'mawu a mayi, amaona wa pamkono. Ngakhale mwana wa mkulu wa mpingo anabwezedwapo.

Anali aatali, owonda, ndi jekete limodzi lofiirira limene matumba ake anayera ndi choko. Njinga yawo inalibe belu. Akafuna kuti anthu apatuke m'njira ankangotsokomola. Ankakonda mtedza wokazinga ndipo ankausunga m'thumba momwe munali chokomo, moti tsiku lina analuma choko pakati pa phunziro, ife n'kufa nako kuseka. Iwo analavula pang'onopang'ono n'kutiuza kuti mtedza wa chaka chino sunakhwime. Mwana aliyense ankamuti bwana, wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Kalasi yawo inali pansi pa muwanga womwewo, poti zipinda zinali za makalasi akuluakulu, ndipo tinkalemba pa dothi ndi chala. Mtengowo ndi wokhawo waukulu umene unatsala m'dera lathu. Ina yonse inathera ku zigafa. Munthu wina atabwera ndi nkhwangwa kudzapempha nthambi ziwiri zoti zikhale mphanda, a Mbewe anakhala pampando wawo pansi pa nthambizo tsiku lonse mpaka munthuyo anatopa n'kupita.

Ankakonda kunena kuti ana a m'maesiteti amabwera ndi mvula n'kuchoka ndi lole, choncho mphunzitsi amene akudikira kuti akhazikike kaye sadzawaphunzitsa kanthu. Ankatinso kalasi ya phokoso siwavuta, imene imawaopsa ndi ya zii. Ndipo chaka chilichonse kalasi yawo inkayamba kukhala zii mwezi wa Januwale, fodya akayamba kuthyoledwa. Nthawi imeneyo banja la tenanti limafuna dzanja lililonse. Akulu amathyola, ana amatuta masamba ndi kusoka. Tikaweruka, a Mbewe ankakwera njinga kuzungulira m'zigafa. Sankakalipira makolo. Ankangotulutsa choko n'kulemba a, e, i, o, u pa mphanda za chigafa, pamsinkhu woti mwana wokhala pansi aone, kenaka n'kuyamba kuwerenga mokweza.

Kapitawo wa esiteti ina anawapeza akuchita zimenezi.

"Aphunzitsi, muno ndi m'chigafa, si m'kalasi. Mukuchedwetsa ntchito."

"Ndikudziwa, akapitawo. Ine ndikuphunzitsa mitengoyi. Ana akamva nawo, umenewo si mlandu wanga."

"Nanga mitengo imalemba mayeso?"

"Iyi ikhoza. Sijomba."

Kapitawoyo anaseka, koma tsiku lotsatira analamula kuti zilembozo zifufutidwe ndi nsanza yonyowa. Sabata inayo a Mbewe anadzalembanso.

Mkangano wawo waukulu unali ndi a Gondwe, mphunzitsi wamkulu amene anatumizidwa kuno kuchokera cha kwa Kaluluma. A Gondwe sanali munthu woipa. Anapeza sukulu imene zotsatira zake za mayeso a Sitandade 8 zinkakhala kumapeto chaka ndi chaka, ndipo akapita ku misonkhano ya aphunzitsi aakulu ankabwerako atagwa nkhope. Chaka china palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anasankhidwa kupita ku sekondale. Eni mudzi amene anali ndi njinga anayamba kuchotsa ana awo n'kumawapalasa kukaphunzira ku sukulu ya pa tawuni yathu yaing'ono ya masitolo. Ana atachepa, aboma anachotsanso aphunzitsi ena kuwapititsa kumene kunali ana ambiri.

A Gondwe anaitanitsa msonkhano wa makolo pansi pa muwanga. Ine ndinali m'Sitandade 3, ndipo tinkamvetsera tili pazenera. Bambo wina wa m'mudzi anaimirira n'kunena zimene ambiri ankanong'onezana: kuti ana a matenanti amadzaza makalasi mu Okutobala, amasowa mu Febuluwale, amabwerera mu Meyi ataiwala zonse, ndiye mphunzitsi amayambiranso, ana a eni mudzi n'kumadikira. Anati vuto limayambira pampando wa ndalema, chifukwa masiku ano a Gwirakhutu akulemba ngakhale makanda. Ndi zoona, pa nthawiyo panali patapita zaka zingapo a Mbewe osabweza mwana aliyense.

A Mbewe anayankha ali chikhalire. Anati iwo sakukana kuti zotsatira n'zochititsa manyazi, ndipo nawonso zimawapweteka. Koma anati mayeso amawerenga ana amene afika pa Sitandade 8, sawerenga amene anabwezedwa pakhomo. Sukulu ikhoza kukhala yoyamba m'boma lonse la Kasungu itangotsala ndi ana asanu anzeru, koma imeneyo iwo sangaitchule sukulu. Ena anawomba m'manja, makamaka amayi a m'maesiteti amene anakhala kumbuyo. Ambiri sanawombe.

Chaka chotsatira a Gondwe anatulutsa mpando wawo n'kukhala pafupi ndi a Mbewe pa tsiku lolemba ana, kuti adzionere okha. Panafika kamnyamata ka miyendo yopyapyala, ka mimba yaikulu. Kanadutsitsa dzanja, zala n'kulekezera patali ndi khutu. A Mbewe anaika chikhatho chawo pamutu pa kamwanako ngati akukasisita, n'kuupendeketsa pang'onopang'ono mpaka khutu linakumana ndi zala.

"Wagwira. Dzina lako ndani, bwana?"

"Yayi, adada," anatero a Gondwe m'Chitumbuka chakwawo. "Mwanayu mwamupinda khosi. Ndaona ndi maso anga."

"Khosi ndi lake, ahedi. Khutu ndi lake, dzanja ndi lakenso. Ine changa n'chiyani pamenepa?"

Makolo anaseka. A Gondwe anapukusa mutu, koma sanamubweze mwanayo. Kuyambira tsiku limenelo awiriwo ankangopatsana moni wa ntchito basi.

A Gondwe sankadziwa chimene chinawasintha a Mbewe, ndipo sindikhulupirira kuti a Mbewewo anauzako munthu. Ine ndikuchidziwa chifukwa ndinalipo, ndipo chinachitikira m'chigafa mwathu.

Ife tinachokera ku Phalombe ndili wamng'ono. Mkulu wanga Esinati anali wamfupi chibadwire, komanso zaka za njala zinamupeza akuyamwa. Chaka choyamba amayi anapita naye pampando wa ndalema, dzanja silinafike, anabwezedwa. Chaka chachiwiri anayesanso, kunatsala pang'ono, a Mbewe anamugwira pachibwano kumuwongola, anabwezedwanso. Chaka chachitatu tinali pa esiteti ina kutali ndi sukulu iliyonse. Pamene tinkabwerera kuno, Esinati anali atayamba kuphuka mabere, ndipo ankasoka fodya mofulumira kuposa amayi. Bambo anati tsopano ndi wamkulu, sangakakhale pansi ndi tiana tamamina. Nayenso manyazi anali atamugwira.

Masiku amenewo a Mbewe anali asanayambe kulemba pa mphanda. Tsiku lina mvula inawapeza panjira ndipo anadzausa m'chigafa mwathu, njinga ataitsamiritsa panja. Amayi anawayalira chiguduli pa mulu wa mikangala, timitengo timene timapachikapo fodya. Ife tinkasoka. Iwo sanatizindikire. Anafunsa za mvula ya kwathu ku Phalombe, anafunsa ngati masamba a chaka chino akulemera. Kenaka Esinati, amene sankayankhula ndi alendo, anaika singano pansi n'kuimirira patsogolo pawo. Anawongola mutu kuti njo, anadutsitsa dzanja pamwamba, n'kugwira khutu lonse, mpaka kunsi kwake.

"Aphunzitsi, pano ndikugwira."

Amayi anamukalipira kuti akhale pansi, asachite chipongwe kwa akulu. Koma sichinali chipongwe. Ankangowaonetsa. Atachotsa dzanja, pakhutu panatsala utomoni wakuda wa fodya, zala zake zitadinda.

A Mbewe anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamufunsa zaka zake, amayi anawerenga nyengo za fodya zimene talima n'kuwauza. Anafunsa kuti pamene anabwera koyamba anali ndi zaka zingati. Amayi atayankha, zinaoneka kuti tsiku loyamba lija Esinati anali atapitirira kale msinkhu woyambira sukulu. Anamupempha kuti abwere mawa, amulemba popanda kumuyesa. Esinati anati ayi, nthawi yake inapita, ndipo anatola singano yake n'kupitiriza kusoka. A Mbewe anatuluka mvula isanakate. Ndinawaona akukankha njinga m'matope, osaikwera.

Seputembala wotsatira amayi anapita ndi ine. Nanenso ndine wamfupi ngati mkulu wanga. Usiku wonse wa dzulo lake Esinati ankandikoka mkono kuti utalike. M'mawa tinakafola pamzere wa kwa a Mbewe. Nditafika patsogolo pawo ndinadutsitsa dzanja, ndinakoka mpaka paphewa panawawa, koma zala zinakagwira tsitsi lokha. Ndinayamba kulira mosatulutsa mawu. Pamenepo ndinamva chikhatho chachikulu, chonunkhira mtedza, chikutsika pamutu panga. Chinandipendeketsa pang'ono, ndipo khutu linabwera lokha m'zala zanga.

"Wagwira," anatero mokweza kuti onse amve. Kenaka anandinong'oneza, "Ukamuuze mkulu wako kuti wagwira, bwana."

Ndikuganiza kuti ine ndinali woyamba. Pambuyo panga sanabwezenso mwana. Chaka chomwecho ndi chimene anayamba kuyenda ndi choko m'zigafa, ndipo anayambira m'chigafa mwathu, pa mphanda imene Esinati ankatsamira. Esinati sankayang'anako iwo akakhalapo. Koma ndinamupezapo yekha akutsatira chilembo cha o ndi chala. Anakwatiwa chaka chachiwiri chake n'kupita ku Mchinji. Mpaka lero akafuna kutumiza uthenga pa foni amadikira mwana wake aweruke.

Sindinganame kuti zimene a Mbewe ankachita zinakweza sukulu yathu. Zotsatira zinapitirira kukhala zotsika, ndipo ambiri a ife amene anatipendeketsa mutu sitinafike patali. Ine ndinalekezera Sitandade 5, bambo atasamukiranso ku esiteti ina. Ndinabwerera kuno nditakwatiwa. Chaka china mtsikana wa tenanti, amene anayambira pansi pa muwanga, anakhoza bwino n'kusankhidwa kupita ku sekondale. Koma pamene mayina ankatuluka, banja lake linali litachoka kale ndi lole fodya atagulitsidwa, ndipo palibe ankadziwa kumene linalowera. A Mbewe, atakalamba kale, anapalasa njinga esiteti ndi esiteti mpaka cha kwa Simlemba kufunsa. Sanamupeze. A Gondwe anati nkhaniyi ikutsimikiza zimene iwo ankanena, kuti ana amenewa sukulu singawadalire. A Mbewe anati ikutsimikiza zimene iwonso ankanena, kuti nzeru m'zigafa zilimo. Onse awiri sankanama, ndipo malo a mtsikanayo anapita kwa wina.

A Mbewe atapuma pa ntchito sanasiye kubwera kusukulu. A Gondwe anali atasamutsidwa, ndipo amene anabwera pambuyo pawo ankawalola kukhala pampando wawo tsiku lolemba ana, poti aphunzitsi anali ochepa ndipo thandizo silikanidwa. Malamulo anali atasintha, ankafuna kabuku ka kusikelo kosonyeza tsiku lobadwa. Koma mayi wopanda kabuku ankangolozeredwa kwa a Gwirakhutu, ndipo kumeneko mwana aliyense ankagwira. Maso atayamba kuchita khungu ankazindikira ana powagwira pamutu. Ndinkakumana nawo kuchigayo kapena potuluka m'tchalitchi. Ndinkagwada n'kupereka moni, iwo n'kuyankha kuti, "Zikomo, bwana." Sindikudziwa ngati ankandikumbukira. Nthawi zambiri ndinkakonza mawu oti ndiwauze kuti dzina la mwana wanga kusikelo ndimaliwerenga ndekha chifukwa cha iwo, koma ndikafika pafupi mawuwo ankathawa. Ndinkati ndidzawauza tsiku lodzalembetsa mwana wanga woyamba, Tadala. A Mbewe anamwalira kutatsala milungu yochepa kuti tsikulo lifike.

Seputembala uno ndinapita naye Tadala. Olemba anali mphunzitsi wachitsikana, waulemu ndithu, atakhala patebulo pakhonde la ofesi. Mzere unali waufupi kuposa wa masiku athu. Ndinapereka kabuku ka kusikelo, anakatsegula, anawerenga, n'kumulemba Tadala osamuyang'ana n'komwe msinkhu. Zinatha msanga.

Kumbuyo kwanga kunali mayi wachilendo, wa mayankhulidwe a kwathu kummwera, amene anali atangofika kumene kudzayamba nazale pa esiteti ya kutsidya kwa dambo. Anagwira mnyamata wamfupi, wa mano akutsogolo ogweluka kale. Kabuku analibe. Anati kanatsala kumudzi, kapena kananyowa pa lole, sankakumbukira bwino. Aphunzitsi anamuuza mwaulemu kuti akakapeze kaye, kapena akatenge kalata kuchipatala, akabwera nazo amulemba. Ine ndinkadziwa mmene zimathera. Chipatala chili kutali, nazale imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo, kenaka kuwokera, kenaka kuthyola, kenaka lole.

Ndinabwerera patebulo, ndinagwada, mawu n'kutuluka aang'ono.

"Aphunzitsi, bwanji mungomugwiritsa khutu?"

Anamwetulira. "Mayi, zimenezo n'zachikale. Zinkabweza ana ambiri osalakwa."

"Ee, zinkabweza," ndinatero. "Koma kenaka zinasiya."

Sanandimvetse, ndipo ine ndinalephera kufotokoza. Anaitana wotsatira. Mayi uja anamugwira mwana wake padzanja n'kutsika khonde. Ndinamuuza kumene ndimakhala, ndinati ngati akufuna ndidzamuperekeza kuchipatala tsiku la sikelo. Anathokoza n'kunena kuti aona ntchito mmene ikhalire. Mpaka pano sanabwere, ndipo mvula yayamba.

Pochoka tsiku limenelo tinadutsa pansi pa muwanga. Sitandade 1 inalowa m'chipinda tsopano, poti ana anachepa ndipo malo alipo. Mpando wa ndalema anautenga achibale a malemu. Pamene unkakhala patsala timaenje tinayi m'dothi louma, pamene miyendo yake inkalowa chaka ndi chaka, ndipo udzu wayamba kumera mozungulira. Nthambi ziwiri zija zimene a Mbewe ankazilondera zinadulidwa maliro atangotha, zikuoneka zipsera zoyera. Mnyamata uja, amayi ake akumukoka, anaima pang'ono pamthunzipo kuyang'ana ana ovala yunifolomu akulowa m'kalasi. Panalibe womuuza kuti akweze dzanja.